Mzinda wakale wa Tallinn ndi amayi ovutika mawondo: tiyambire pati?

mwana_wachisamba

Moni nonse. Mu Julayi amayi akubwera kudzandiona kuno ku Helsinki komwe ndikuphunzira, ndipo ndikufuna kuwaolotsa nyanja kuti akaone mzinda wakale wa Tallinn ku Estonia. Sitima ya pamadzi imatenga maola awiri okha, choncho tidzanyamuka m'mawa n'kubwerera madzulo. Chondidetsa nkhawa ndi mawondo awo. Pamalo osalala amayenda ndithu, koma masitepe amawasautsa, ndiponso amayi anga sadandaula mpaka zinthu zitafika poipa. Amene munafikako, tiyambire pati? Nanga kumtunda kuja komwe anthu amajambulira madenga ofiira angathe kukafikako?

mphunzitsi_wopuma

Achemwali, mwachita bwino kufunsa musananyamuke. Choyamba dziwani kuti malowa kale anali mizinda iwiri. Pamwamba pa phiri la Toompea pankakhala olamulira, akuluakulu a tchalitchi ndi eni minda. M'munsi munkakhala amalonda ndi amisiri, amene analemera ndi malonda a Hansa, mgwirizano wakale wa mizinda ya amalonda kumpoto kwa Ulaya. Aliyense anali ndi malamulo ake, ndipo zipata za pakati pawo zinkatsekedwa usiku. Alendo ambiri amalowera pachipata cha Viru m'munsi, n'kumafika kuphiri miyendo itatopa kale. Inu mutembenuze. Mukatsika sitima, kwerani takisi ikakusiyeni pamwamba penipeni, pafupi ndi tchalitchi cha Alexander Nevsky chomwe chinamalizidwa mu 1900, moyang'anizana ndi nyumba ya malamulo ya dzikolo.

Kuchokera pamenepo kukafika pamalo oonera mzinda a Kohtuotsa ndi pafupi, ndipo palibe chitunda choopsa. Madenga ofiira mukunenawo muwaonera pomwepo, pamodzi ndi nsanja ya tchalitchi cha Oleviste ndi doko lomwe mwatsikira.

Potsika samalani, chifukwa njira zodziwika zilipo ziwiri. Ya Lühike jalg ndi yachidule koma ndi masitepe okhaokha, amayi musawadutsitseko. Tsikirani ya Pikk jalg. Imeneyi ndi yomwe ankadutsa okwera pa akavalo ndi ngolo, n'chifukwa chake imatsetsereka pang'onopang'ono pakati pa makoma awiri aatali mpaka kukatulukira kunsi kwa nsanja ya chipata. Kuchoka apo, bwalo la Raekoja plats lili pafupi. Nyumba ya khonsolo ya mzinda yomwe ili pabwalopo inamalizidwa mu 1404. Pangodya ina pali sitolo ya mankhwala ya Raeapteek, yomwe zolembedwa zimasonyeza kuti inkagwira kale ntchito mu 1422, ndipo mpaka lero ukhoza kugulamo mankhwala a mutu. M'chipinda cham'mbali asungamo mitsuko ndi zinthu zouma zomwe ankachizira anthu nthawi imeneyo. Ine pamenepa ndi pomwe ndinakhalitsa kuposa pena paliponse. Polowera pali masitepe ochepa, muwagwire dzanja.

namwino_wausiku

Bambo anena bwino, koma ine ndikuti mdani wamkulu si phiri ayi, ndi miyala yomwe anayala m'misewu. Ina ndi yobulungira, yosiyana kutalika, moti phazi limapendekeka nthawi iliyonse ukaponda. Bondo lodwala limamva zimenezi kuposa chitunda, ndipo kukagwa mvula miyalayo imaterera ngati ndere za pamwala wa kumtsinje. Amayi avale nsapato zomanga zingwe, za pansi pokhuthala. Muyang'anenso m'mphepete mwa msewu, malo ambiri muli kanjira ka miyala yaphanthiphanthi, aziyenda m'menemo.

China n'chakuti musadikire kuti anene okha kuti atopa. Inuyo muzinena kuti mwatopa ndinu, mukhale pansi mumwe tiyi. M'chilimwe dzuwa kumeneko limalowa mochedwa kwambiri, palibe chothamangira. Chakumasana anthu ochokera m'sitima zikuluzikulu za alendo amadzaza tinjira tating'ono ngati ka Katariina käik, ndiye munthu woyenda pang'onopang'ono amangokankhidwa. Kumeneko mupite chakumadzulo.

mphunzitsi_wopuma

Ndionjezere chimodzi. Nsanja ya Oleviste muisiye, masitepe ake ndi ozungulira, opanikiza. Ngati amayi angafune kuona mzinda ali m'mwamba, pitani ku tchalitchi cha Niguliste. Chinaphwanyidwa ndi mabomba a ndege za Soviet Union mu Marichi 1944, anachimanganso, ndipo tsopano ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Munsanja yake anaikamo chikepe chagalasi. Mkatimo mulinso chithunzi chachikulu chojambulidwa ndi mmisiri wakale Bernt Notke, chosonyeza imfa ikuvina ndi papa, mfumu ndi anthu ena apamwamba. Muwauziretu asanachione, pakuti ena chimawadzidzimutsa.

mwana_wachisamba

Zikomo kwambiri nonse awiri. Za takisi mpaka pamwamba sindikanaziganiza. Tikayambira ku Toompea, n'kutsikira Pikk jalg, n'kudzapuma pabwalo. Za Niguliste ndiwafunsa okha, koma mmene ndimawadziwira akafuna kuchiona chithunzicho. Amayi anamwino, ndodo yoyendera ingathandize pamiyalapo, kapena imangokodwa m'mipata?

namwino_wausiku

Imathandiza, bola kunsonga kwake kukhale mphira wotambalala. Aigwire kudzanja la mbali ya bondo labwinolo, inu muyende mbali inayo.