Matilesi amodzi, anthu awiri ogona mosiyana

Nachisale, Mufakose: Abale, m'sitolo zikuluzikulu za mu Harare muno tigule matilesi otani? Wina amadwala msana, winayo amagona chammbali ndipo amatuluka thukuta usiku.

Malume a ku Highfield: Mayi, tengani a pocket spring olimba pang'ono. Sipuling'i iliyonse imakhala m'kathumba kake, ndiye wina akatembenuka mnzake sagwedezeka. A Bonnell ndi otchipa koma masipuling'i ake ndi olumikizana, bedi lonse limayenda. Olimba ngati thabwa musawayese: phewa ndi chiuno sizilowa, wogona chammbali amadzuka dzanzi litagwira mkono. Gonanipo mphindi 10 m'sitolo momwemo, nonse awiri. Dzanja likamalowa momasuka pansi pa chiuno mutagona chagada, alimba kwambiri.

Anaphiri, Mbare: Wathukutayo apewe memory foam (siponji yotsatira maonekedwe a thupi), imasunga kutentha, makamaka mu Okutobala. Funsaninso kulemera kumene mbali iliyonse imanyamula. Mukapyola, pakati pamakumbika msanga.

Achimwene a ku Chitungwiza: Yezani bedi kaye. Double ndi masentimita 137 m'lifupi, queen 152, m'litali 188. Wamtali afunse a 200. Matilesiwo muziwatembenuza kumutu kupita kumiyendo miyezi itatu iliyonse.