Kodi americano pa Chingerezi ndi munthu kapena ndi chakumwa?

Nachisale_Kapa:
Abale ndithandizeni. Ndayamba ntchito pa malo ogulitsa khofi kuno ku Cape Town ndiye makasitomala ambiri akangolowa amangoti americano basi. Mnzanga wa ku Tete yemwe timagwira naye akuti kwawo pa Chipwitikizi americano ndi munthu wa ku America. Ndiye liwuli ndi la chilankhulo chanji kwenikweni, nanga munthu wa ku America ndingamutchule choncho pa Chingerezi?

WakuDedza:
Achemwali mnzanuyo sakunama, pa Chipwitikizi ndi Chisipanishi ndi choncho ndithu. Koma la pa menyu yanuyo ambiri amati linalowa m'Chingerezi kudzera ku Chitaliyana. Ku Italy mwamuna wa ku America ndi americano, mkazi americana, akakhala ambiri americani. Dzina lonse la khofiyo ndi caffè americano, kutanthauza khofi wa kamwedwe ka ku America, ndiye Chingerezi chinangodula n'kutsala ndi mbali yomalizayo. Nkhani imene anthu amakonda kukamba ndi yoti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a ku America omwe anali ku Italy ankaona espresso (khofi wamphamvu wa m'kakapu kakang'ono uja) kukhala yowawa kwambiri komanso yochepa, ndiye ankaisungunula ndi madzi otentha kuti ifanane ndi khofi wakwawo.

Koma munthu musamutchule choncho chonde. Pa Chingerezi munthu ndi American basi, mukati americano zimamveka ngati mukumunyogodola kapena mukutsanzira kalankhulidwe ka Ataliyana. Mumvetserenso akamaitanitsa awiri, amati two americanos, simudzamva two americani, liwulo analisandutsa lawo kalekale.

Mbewe_waBala:
Ine ndimagwira m'bala ku Johannesburg ndipo ndiwonjezere apa poti izi zimasokoneza anthu ambiri. Kwathu kuno munthu akati Americano usiku nthawi zina sakunena khofi ayi, ndi mowa. Umathira mowa wowawa wotchedwa Campari ndi vinyo wa vermouth wofiira wotsekemera uja muyezo wofanana, ayezi, pamwamba soda, n'kuika kachidutswa ka lalanje. Poyamba unkatchedwa Milano-Torino chifukwa Campari ndi wa ku Milan pomwe vermouth ndi wa ku Turin. Ukachotsa soda n'kuikapo gin ndiye wasanduka mowa wina wotchedwa Negroni. Ndiye ngati malo anuwo amagulitsanso mowa, kasitomala akaitanitsa madzulo ingofunsani kuti khofi kapena cocktail, palibe amakwiya ndi funso limenelo, chomwe chimawakwiyitsa ndi kuwabweretsera kapu yotentha iwo akudikira tambula ya ayezi.

Nachisale_Kapa:
Zikomo achimwene nonse. Ife mowa sitigulitsa. Nanga ena amati long black, ndi chimodzimodzi eti?

MayiAkeTada:
Zinthu zake ndi zomwezo, espresso ndi madzi otentha, kusiyana kwake ndi kathiridwe. Long black ndi dzina la ku Australia ndi New Zealand, umayamba madzi m'kapu kenako espresso pamwamba kuti kathovu kofiirira kaja kamene amati crema kasasweke, ndipo madzi amakhala ochepako ndiye amamveka mphamvu. Americano ambiri amayamba espresso kenako madzi. Amene amadziwa khofi amangoyang'ana m'kapu n'kudziwa kuti mwayamba ndi chiyani, ndiye musamangoti aa zonse n'chimodzi.

Kuno ku UK ndimamva kwambiri white americano, ndi yemweyo koma wothira mkaka pang'ono, ena amafuna wozizira ena wotentha ndiye ine ndimafunsiratu n'kuwapatsa mkakawo m'kajagi pambali adzithirire okha. Kulinso iced americano wa madzi ozizira ndi ayezi, anthu a ku South Korea amamukonda zedi moti amamwa ngakhale m'nyengo ya chisanu, akabwera pa kauntala yanu mudzaona. Ndipo dzinali anthu sanaiwale kuti likunena America, mu 2025 Canada itayambana ndi boma la Trump pa nkhani ya misonkho ya katundu malo ena a khofi ku Canada anafufuta americano pa menyu n'kulembapo Canadiano, khofi wake yemweyo. Inuyo funsani abwana anu kuti pamalo panupo amathira mashoti angati a espresso ndi madzi ochuluka bwanji, chifukwa muyezowu umasiyana shopu ndi shopu.