Kodi achipatala angathe kuwaunika amayi pa foni ali kumudzi?

Wa ku Chilomoni:
Ndikupempha nzeru kwa odziwa. Amayi anga amakhala kwa Kunthembwe, amadwala BP ndi shuga, ndipo chiwagwereni sitiroko chaka chatha mwendo wamanzere sauponda bwino. Kuti afike ku Gulupu timawakweza pa kabaza wina atawagwirira kumbuyo, ndipo amafika atafooka kuposa mmene ananyamukira. Kodi pali njira yoti achipatala aziwaunika ali pakhomo pomwepo?

Namwino wopuma, Ndirande:
Pepani ndi matendawo. Njira ilipo, ya Chipatala cha pa Foni, yomwe inayambira ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano ili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Mumaimba foni mwaulere. Komatu amene akuyankhayo wodwala sakumuona, choncho mukangomuuza kuti amayi sakupeza bwino, adzakulangizani kuti mupite nawo kuchipatala basi. Gulani makina oyezera BP a mabatire ndi oyezera shuga, ndipo muphunzitse amene amakhala nawo. Amayi azikhala pampando mphindi zisanu asanayezedwe, mkono utatsamira patebulo, ndipo manambalawo azilembedwa m'kope pamodzi ndi tsiku ndi nthawi yake. Poimba foni, kopelo ndi buku lawo la kuchipatala zikhale m'manja, chifukwa dzina la mankhwala ndi mlingo wake ndi zimene anthu ambiri amaiwala, n'kumangoti timapilitsi toyera tija.

Mlangizi wa zaumoyo, Blantyre kumidzi:
Ndikugwirizana ndi amayi anamwinowa, koma za kanema pa WhatsApp musazidalire kwambiri, pakuti midzi ina netiweki timaipeza titakwera pachulu, ndipo wodwala wa sitiroko sangakwere nafe. Chithunzi chimadikira n'kupita chokha netiweki ikabwera, ndiye chimathandiza. Ngakhale zili choncho, chithunzi cha bala la kuphazi kwa munthu wa shuga sichionetsa fungo kapena kutentha kwa khungu. Pamafunika munthu alikhudze. Lankhulani ndi mlangizi wa m'dera lawo kuti aziwazonda, ngakhale mankhwala amene timasunga ndi a ana osapitirira zaka zisanu, a malungo, kutsegula m'mimba ndi chibayo.

Wa ku Bangwe:
Bambo anga atapotoka pakamwa tinataya masiku awiri tikuimbirana mafoni ndi mnzathu wina wodziwa zachipatala, ndipo pofika kuchipatala dzanja linali litaleka kugwira. Mukaona kupotoka kwa nkhope, kulephera kulankhula, kupuma movutika, kukomoka kapena kusokonezeka mutu, foni ikhale yoitanira galimoto yokha.

Wa ku Chilomoni:
Zikomo nonse. Makinawo ndipita nawo Loweruka ndikamuphunzitse mdzukulu wawo wa Fomu 2, yemwe amagona nawo m'nyumba. Kodi poyamba aziwayeza kangati pa tsiku?