Handibuleki ya Beetle ya 1971 sikugwira, chonsecho makebulo ndi atsopano

Wofunsa: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Pagalaja pano pali Volkswagen Beetle ya 1971, mwiniwake amaisamala ngati khanda. Kebulo ya handibuleki ya kumanja inaduka ndi dzimbiri, ndiye ndasintha onse awiri. Ndamanga manati a pachogwirira mpaka mathiredi atha, koma ndikakoka chikungokwera mpaka kumwamba. Tayala la kumanja likugwirako pang'ono, la kumanzere likuzungulira ngati palibe chachitika. Kodi andigulitsa makebulo aatali?

Wa masipeya: Zimachitika achimwene, makebulo a Beetle amasiyana kutalika potengera chaka. Munayerekeza ndi yakale?

Wofunsa: Ya kumanzere inatuluka yathunthu. Ndinaigoneka pansi pambali pa yatsopano, zikungofanana.

Mnyamata wa pagalaja: Bwanji osangoika mawashala angapo pansi pa manatiwo kuti kebulo ikungike?

Madala a mabuleki: Ayi mwana wanga, zimenezo n'kubisa matenda. Mphwanga wofunsawe, ndiyankhe ichi kaye: mashuzi a buleki unawasendeza kufupi ndi dilamu usanakhudze manati a 10 mm a pachogwirira aja?

Wofunsa: Ayi madala. Ndinati poti buleki ya phazi ikugwira, mashuzi ali bwino.

Madala a mabuleki: Vuto lagona pamenepo. Beetle siisendeza yokha mashuzi akamadyeka. Akatalikirana ndi dilamu, kebulo imatha ulendo wake wonse isanawafikitse. Masula manati onse a pachogwirira, makebulo akhale olendewera. Kweza kumbuyo, ika masitandi, osadalira jeke yokha. Kuseri kwa mbale ya buleki kuli mabowo, chotsa timphira totsekera, uona tinyenyezi tiwiri (timagudumu ta mano tosendezera mashuzi) pa tayala lililonse, kamodzi ka shuzi iliyonse. Zunguza kamodzi ndi sikuludiraiva mpaka tayala ligwire, ponda buleki kuti mashuzi akhale pakati, kenako bweza mano 3 kapena 4 mpaka tayala limasuke. Utero tonse tinayi. Ukatha apo ndiye ubwerere m'galimoto: koka chogwirira chilire katatu, manga manati mofanana mpaka matayala onse azivuta kuzunguza ndi manja. Kachitsulo kopingasa kamene makebulo amadutsamo kakhale kosapendekeka. Ukatsitsa chogwirira, matayala azizungulira osakhula.

Koma la kumanzerelo likundikayikitsa. Kusagwira n'komwe, si mashuzi okha ayi.

Wa magiyabokosi: Ndikugwirizana ndi madala. Tsegulaninso dilamu ya kumanzere muone kachitsulo kamene kamakhala pakati pa mashuzi awiri. Pokola kebulo kamatha kuchoka m'mpata mwake osadziwa, ndiye kebulo imakoka koma palibe chokankha shuzi inayo. Inenso zinandichitikirapo, ndinataya tsiku lathunthu ndikunamizira kebulo. Onaninso ngati chikopa cha kebulo chalowa bwino m'paipi ya kuchasisi, apo ayi chidzalowa chokha pamsewu, handibuleki n'kulefukanso.

Wofunsa: Nati ya 36 mm yogwira dilamu ija ndiye inanditopetsa dzulo. Chabwino, nditsegulanso.

Madala a mabuleki: Pobwezera usaimange mongoyerekeza. Imafuna mphamvu pafupifupi 300 Nm pa sipanala yoyeza mphamvu yomangira, ndipo ikakhala yolefuka mano a m'dilamu amadyeka, galimoto n'kusiya kukoka. Bowo la pini likapanda kulunjika, onjezera kumanga, osabweza nati m'mbuyo. Pini ikhale yatsopano. China, ngati uti uzulenso chogwirira, chala chako chisakhudze batani la kunsonga kwake chili panja. Mano ake amagwa, kuwabwezera kumafuna mtima wautali.

Wofunsa: Ndabwera ndi lipoti, akuluakulu. Kachitsulo kaja kanalidi katachoka mbali imodzi, kamangogwedera. Kanyenyezi kamodzi ka kumanzere komweko kanauma ndi dzimbiri. Ndakazula, ndakatsuka ndi bulashi ya waya, ndapaka girisi pang'ono osafika pa mashuzi. Nditasendeza onse anayi, mathiredi otsala pa makebulo ndi ambirimbiri. Chikalira kanayi matayala onse akuuma gwa, ndaiyesanso pamtunda yaima nji. Zikomo madala, zikomo nonse.

Madala a mabuleki: Wachita bwino. Manati achiwiri otsekera a pa makebulo wamanga? Uuzenso mwiniwake abwere nayo pakatha milungu ingapo, kebulo yatsopano imatamuka pang'ono ikayamba ntchito.

Wofunsa: Ndamanga madala, ndipo ndamulembera kale pa khadi la ntchito.