Kodi ndingachepetse bwanji petulo amene galimoto yanga imamwa?

Mphunzitsi wa ku Area 25: Abale, ndimayendetsa galimoto tsiku lililonse kupita kuntchito mu mzinda wa Lilongwe, koma ndalama ya petulo ikumatha mwezi usanafike pakati. Kodi ndisinthe chiyani pa kayendetsedwe kanga?

Dalaivala wa lole: Aphunzitsi, chimene chimatha mafuta kwambiri ndi phazi lolemera. Mukanyamuka mwamphamvu n'kudzaponda mabuleki pafupi ndi mphambano, mafuta onse amene munawotcha pothamanga apita pachabe. Muziona patali, muzisiya chopondera moto msanga, ndipo muzisintha giya injini isanayambe kulira kwambiri. Pa msewu wa M1 popita ku Blantyre ndimayenda pa liwiro lokhazikika, chifukwa kuthamanga kwambiri kumapangitsa galimoto kulimbana ndi mphepo.

Mayi wa ku Kawale: Musaiwalenso matayala, chifukwa akakhala ndi mpweya wochepa injini imavutika kukoka. Ine ndinatsitsanso katundu yemwe ankangokhala m'buti popanda ntchito.

Makaniko wa ku Biwi: Mukadikira munthu kwa mphindi zingapo, zimitsani injini, bambo. Sefa ya mpweya yodzaza fumbi muzisintha pa nthawi yake.