Sayansi ku yunivesite, mwana asankhe kuti?

Mayi wa ku Santhe:
Abale ndithandizeni, mwana wanga wakhoza bwino MSCE makamaka bayoloje ndi kemisitile, ndiye akuti akufuna sayansi koma ine ndimangodziwa udokotala basi. Kodi kulinso ma dipatimenti ena ati?

Mphunzitsi pa Boma:
Mayi zilipo zambiri zedi. Ku UNIMA ku Zomba kuli fizikisi, kemisitile, bayoloje, masamu, kompyuta ndi za miyala. Za chipatala zili ku KUHeS, yomwe inachoka ku UNIMA mu 2021 limodzi ndi Poly ija pano ikutchedwa MUBAS, kumeneko ndi uinjiniya.

Wa ku Chamama:
Ine ndingoti LUANAR basi. Ife a Kasungu moyo wathu ndi fodya, soya, mtedza ndiye mwana akaphunzira za nthaka, mbewu kapena ziweto ku Bunda sasowa pogwira, alinso ndi za nsomba, udokotala wa zinyama komanso malo a kafukufuku aja a CARD omwe amafufuza za chuma cha ulimi. Chitedze musaisokoneze, imene ija ndi siteshoni ya boma yofufuza za ulimi osati yunivesite.

Mnyamata wa ku Mtunthama:
Nanga MUST mwayiiwala bwanji? Ili ku Thyolo, inatsegulidwa 2014, kuli za nyengo, za miyala ndi ma drone omwe. Paja mu 2017 UNICEF inatsegula malo oyeserera ma drone pa bwalo la ndege konkuno ku Kasungu, ena tinkangoti ndi zidole kkkk.

Mayi wa ku Santhe:
Zikomo nonse. Nanga Mzuni ili ndi chani? Kumeneko ndiye kuli azakhali ake.