Kodi "take in", "talk into" ndi "fall for" ndingawasunge bwanji m'mutu osawasokoneza?

Wokonzekera mayeso, Lilongwe:

Akuluakulu, ndikukonzekera mayeso a Chingerezi otchedwa IELTS, ndipo ngakhale ndinakhoza bwino Chingerezi pa MSCE, aneni amene Angerezi amawatchula kuti phrasal verbs akundizunguza mutu. Sabata yatha, pa gawo loyeserera kumvetsera, ndinamva mayi wina akunena kuti "I was completely taken in", ine n'kuganiza kuti wina anamulandira m'nyumba, pakuti ndi tanthauzo lokhalo la "take in" limene ndinkalidziwa. Ndinazindikira pambuyo pake kuti mayiyo ankadandaula kuti anapusitsidwa. Ndinalemba aneni oposa 60 m'kope, makamaka onena za kukopa munthu, kumunamiza ndiponso kukwiya kapena kukhumudwa, koma ndikangotseka kopelo onse amasakanikirana. Kodi pali njira ina yoposa kuloweza pamtima?

Mphunzitsi wopuma pantchito, Dedza:

Mwanawe, yambani mwasiya mantha, chifukwa zimene Chingerezi chikuchita apa n'zimene Chichewa chimachita tsiku lililonse, kungoti ife timasintha mneni kumapeto kwake pamene iwo amamuikira kamawu kena pambali. Taganizirani kunama, kunamiza ndi kunamizira. Tsinde ndi limodzi, koma wonama wangonena bodza, wonamiza wapusitsa munthu wina, pamene wonamizira wasenzetsa mnzake mlandu umene sanapalamule kapena akudzionetsa ngati wodwala pamene ali bwinobwino. Chimodzimodzinso kunyenga ndi kunyengerera: koyambako n'chinyengo, ndipo m'madera ena ndi mawu oti simungawatchule pamaso pa apongozi, koma kwachiwiriko n'kumene mayi amachita pofuna kuti mwana amwe mankhwala owawa. Palibe Mchewa amene analoweza zimenezi m'kope.

Choncho musaike maso pa mneni yekha, yang'anani kamawu kotsatirako. Mneni "talk" ndi kulankhula chabe, koma "talk someone into" ndi kumulankhula munthu mpaka alowe m'chinthu chimene poyamba sankachifuna, pamene "talk someone out of" ndi kumulankhula mpaka atulukemo. Mlongo wanu akakunyengererani kuti mulowe banki m'khonde, ndiye kuti "she talked you into joining". Bambo anu akakubwezani pa maganizo ogulitsa munda, "he talked you out of selling it". Onani kuti mneni wotsatira amathera ndi -ing, ndipo pamenepa m'pamene ana anga ambiri ankagwera polemba kuti "talked me into join". M'gulu lomweli muikemo "win over" ndi "bring round", omwe amasonyeza munthu amene anali tsidya lina la maganizo koma tsopano wawolokera kwa inu, komanso "give in", yemwe ndi wa munthu amene wagonja chifukwa chotopa ndi kuumirizidwa, osati chifukwa chakuti wakhutira.

Pa za mumtima, kamawu ka "down" kawirikawiri kamatsitsa: "calm down" ndi kuika mtima pansi, ndipo "let down" ndi kugwiritsa munthu fuwa lamoto. Ka "up" kamakweza, monga "cheer up", kusangulutsa wokhumudwa, ndi "blow up", kupsa mtima mwadzidzidzi mpaka kuzazira aliyense.

Namwino, Manchester:

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma ndiloleni ndiwatsutse pang'ono mwaulemu, pakuti njira yoyang'ana kamawu kotsatira imathandiza mpaka penapake basi. Kamawu ka "up" kamene kali mu "cheer up" ndi komwenso kali mu "make up", kupeka nkhani yabodza, mu "cover up", kubisa cholakwa, ndi mu "own up", kuvomera kuti ndiwe walakwa. Awiri omalizawa ndi otsutsana kotheratu, koma kamawu n'kamodzi.

Ine aneniwa anakhazikika m'mutu mwanga pokhapokha pamene aliyense anapeza nkhope ya munthu. Ndili mlendo kuno, mnzanga wa pantchito anandiuza kuti mwana wamkazi wa wodwala wina "broke down in the corridor". Ine, pokumbukira minibasi zimene zimafera pamsewu kwathu, ndinafunsa ngati galimoto yake yawonongeka. Nditatuluka ndinam'peza mayiyo atakhala pansi chotsamira khoma, chikwama chili pamiyendo, akulira mosatonthozeka chifukwa cha zimene dokotala anali atangomuuza. Kuyambira tsiku limenelo "break down" sindinamuyang'anenso m'buku. Momwemonso ndinaphunzirira "bottle up", kusunga zowawa mumtima osauza munthu, ngati thobwa lotsekeredwa m'botolo, ndi "lash out", kukalipira kapena kumenya amene ali pafupi chifukwa cha ululu kapena mantha. Palinso "wind up", amene anthu a kuno amamukonda kwambiri pa nthabwala: munthu akafunsa kuti "are you winding me up?" akutanthauza kuti kodi ukundiseleula dala.

Chinthu china chokhudza mayeso anu, achemwali kapena achimwene: aneniwa ndi a m'kamwa kwambiri, kotero amakometsa gawo la kulankhula, koma polemba chimangirizo cha gawo la kulemba ndi bwino kusankha "persuade", "deceive" kapena "dissuade". Mawu ngati "rip off" ndi "freak out" asafike n'komwe papepalapo.

Wogulitsa mayunitsi, Limbe:

Ine si mphunzitsi, koma pa nkhani ya kupusitsana ndili ndi chitsanzo chimene aliyense wa ife amachidziwa, chomwe ndi uthenga uja umafika pafoni wakuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Nkhani imodzi yomweyi ikhoza kunyamula aneni asanu. Wakubayo anapeka bodza, "he made up a story", ndipo anadzionetsa ngati m'bale wanu, "he passed himself off as your relative". Amene anatumiza ndalamazo "fell for it", kapena tinene kuti "was taken in", monga mayi wa m'mayeso anu uja. Amene anayamba waimbira foni m'bale weniweniyo "saw through it", ndiye kuti anaona zimene zinali kuseri kwa mawuwo. Mukasunga nkhaniyo, aneniwo amabwera okha motsatana.

Chenjerani ndi malo a mawu pa "see through", chifukwa "I saw through him" ndi kunena kuti ndinamutulukira chinyengo chake, koma "I saw it through" ndi kunena kuti ntchitoyo ndinaigwira mpaka kumapeto. Nayenso "fall for" ali ndi nkhope ziwiri: ukachita "fall for" bodza wapusitsidwa, koma ukachita "fall for" munthu wamukonda, ngakhale kuti ena a ife tinaona kuti nthawi zina ziwirizi zimachitika tsiku limodzi.

Wokonzekera mayeso, Lilongwe:

Zikomo kwambiri nonse, ndine mtsikana, ndipo ndayamba kale kulembanso kope langa mwa nkhani m'malo mwa mndandanda. Ndayesa chiganizo ichi chokhudza azakhali anga amene anabedwa ndalama mwa njira imene achimwene a ku Limbe afotokoza: "My aunt fell for it, and we tried to cheer up her." Kodi chili bwino?

Mphunzitsi wopuma pantchito, Dedza:

Mbali yoyambayo ili bwino, mwanawe, koma yachiwiriyo ikonzeni kuti ikhale "cheer her up". Mukatchula dzina muli ndi ufulu wonena "cheer up my aunt" kapena "cheer my aunt up", koma mlowam'malo monga "her", "him", "it" kapena "them" amalowa pakati nthawi zonse pa aneni olekanitsika ngati ameneyu. Koma mneni "fall for" salekanitsika, n'chifukwa chake "fell for it" munalemba molondola. Azakhaliwo muwapepesere, ndipo mundilembere chiganizo china chokhala ndi "talk out of", chosonyeza zimene mukanachita mukanakhala nawo pafupi tsiku limenelo.